Chitseko chikachoka, galasi la m'mbali lisachoke nacho

Abale anga a ku Molumbo, madalaivala a matola, amakaniko, owotcherera zitsulo ndi inu anyamata a kabaza, ndikukulemberani kuchokera ku Hoedspruit m'chigawo cha Limpopo, kuno ku Joni. Uthengawu ndi wautali, koma chonde werengani mpaka kumapeto chifukwa ukukhudza moyo wa anthu pamsewu wathu.

Ntchito yanga kuno ndi yokonza galimoto zonyamula alendo okaona nyama m'nkhalango zochita malire ndi Kruger National Park. Zambiri ndi Land Cruiser 79, zina ndi Land Rover Defender zakale. Denga amalidula, kumbuyo amaikako mizere ya mipando, ndipo kutsogolo kwa boneti kumakhala kampando ka munthu wolondola mapazi a nyama. Zina amazichotsanso zitseko kuti dalaivala aziona bwino pansi komanso azitsika msanga. Apa ndi pomwe pali nkhani: pa Land Cruiser galasi la m'mbali limamangidwa pachitseko, ndiye ukachotsa chitseko galasinso lapita.

Komwe ndimagwira ntchito, galimoto yotere situluka m'galaja tisanaiike galasi lina. Lamulo lilipo ndithu, National Road Traffic Act ya 1996, ndipo galimoto yokwera msewu wa R40 kulowa m'tauni iyenera kukhala ndi choonera kumbuyo. Koma madalaivala sadikira wapolisi kuti awakumbutse. Njovu ikatseka njira, umabwerera chambuyo pang'onopang'ono, alendo atadzaza mipando yonse, galasi lapakati litaphimbika ndi mitu yawo. Chokuonetsa dzenje kapena chitsa chili kumbuyo kwa tayala ndi galasi la m'mbali basi.

Tsopano tibwere kwathu. Ifenso tili nazo galimoto zopanda zitseko, kungoti ife sitichotsa mwadala. Hinji imathyoka, chitseko timayamba tachimanga ndi chingwe cha chubu, kenako tsiku lina chimatsala pakhonde. Nthawi yokolola, Hilux kapena Canter imasenza matumba a soya, chimanga kapena nandolo mpaka kupitirira denga, anthu n'kukhala pamwamba pa matumbawo. Pobwerera chambuyo pamsika, dalaivala amadalira kondakitala amene akumenya bodi ndi chikhatho uku akukuwa kuti "bwerani, bwerani!" Kondakitalayo waima mbali imodzi. Mbali inayo kuli mayi watsamira dengu la tomato, kuli mwana akutola nyemba zotayika pafupi ndi tayala, ndipo palibe akuwaona. Thirakitala yokoka ngolo yodzaza anthu ndi chimodzimodzi. Inu a njinga zamoto ndiye mumandidandaulitsa kwambiri: njinga yatsopano, tsiku lomwelo magalasi onse awiri mwamasula, ati amaoneka achidala.

Sindikunyoza ayi, msewu wathu ndimaudziwa. Phula la N11 lochokera ku Mocuba limafika pa Milange, koma misewu yathu yambiri yolowera ku Molumbo ndi yopita cha ku Lioma ndi ku Gurué ndi yadothi. M'chilimwe imachita mizeremizere ngati malata, galasi lomangidwa mwachisawawa limanjenjemera mpaka kugwa. M'dzinja tsekera amagwera mumsewu n'kumalimenya. Munthu akagula kawiri, amangoti zikhale choncho. Komatu chiikireni Molumbo kukhala boma palokha mu 2013, ogula mbewu, njinga zamoto ndi galimoto zachuluka pamsewu wopapatiza womwewo. Chakudza sichiimba ng'oma, makamaka chochokera kumbuyo m'fumbi.

Nazi zomwe ndaphunzira, ndipo zonse zingatheke kwa wowotcherera wa pa Milange kapena pamsika wathu.

Choyamba, malo omangapo. Mangani pachitsulo chimene sichichoka: mzati wa galasi lakutsogolo, kapena mabowo omwe panali hinji yapamwamba ya chitseko. Pamenepo chitsulo ndi chochindikala. Musaboole lata lopyapyala la madigadi, limang'ambika.

Chachiwiri, mkono wa galasi. Ukhale waufupi ndi wonenepa, wogwira malo awiri osati amodzi. Kachitsulo katali kowonda ndiko kamachititsa kuti muzingoona zinthu zikuvina m'galasi. Koma utuluke mokwanira kuti muziona kupitirira matumba. Pansi pake ikani kachidutswa ka labala ka tayala lakale, ndipo pa bauti pakhale washala wa sipuling'i kapena manati awiri okanikizana. Mukamaliza lizani injini, gwirani mkonowo ndi dzanja. Ukamanjenjemera galimoto itangoima, pamsewu sukafika patali.

Chachitatu, lizitha kupindika. Kuno nthambi zaminga zimamenya magalasi tsiku lililonse. Lopindika limagonja n'kubwezeredwa ndi dzanja, louma gwa limathyoka. Choncho musawotcherere mutu wa galasi kumkono, siyani polumikizira pake pazitembenuka.

Chachinayi, mtundu wa galasi lenilenilo. Lathyathyathya limaonetsa mtunda woona koma malo ochepa. Lotukuka pakati limaonetsa malo ambiri, koma chinthu chimaoneka ngati chili kutali pamene chili pafupi, ndiye muyenera kulizolowera. Ku Mozambique, ku Malawi ndi kuno ku Joni tonse timayenda kumanzere, dalaivala atakhala kumanja. Ndiye kuti mbali yakumanzere, komwe kumayenda ana asukulu ndi njinga zakapalasa zonyamula makala, ndi yomwe ili kutali ndi maso ake. Kumeneko ikani lalikulu lotukuka, ngati la Canter, ndipo mulipendeketse pang'ono kuti tayala lakumbuyo lizioneka. Kagalasi ka njinga yamoto pa galimoto yonyamula katundu n'kakang'ono kwambiri. Kalilole wa m'nyumba ndiye ayi, akasweka zidutswa zake zimacheka munthu, ndipo popanda chitseko palibe chokutchingani.

Chomaliza ndi kansanza. Galasi lokutidwa ndi fumbi kapena matope ndi chimodzimodzi kukhala opanda. Kuno dalaivala amapukuta m'mawa uliwonse asanalize injini, ndipo makaniko amapita ndi sipanala pa manati onse nthawi ndi nthawi. Izi sizilira ndalama.

Pazokonza ndi manja, amisiri akwathu saperewera. Munthu amene amadzutsa chigayo chakufa ndi zitsulo zotola sangalephere mkono wa galasi. Chimene tikusiyana ndi kuno n'choti anthu akuno amaliwerengera galasi pamodzi ndi mabuleki, ife timaliwerengera pamodzi ndi zokongoletsa.

Eni galimoto, zokolola zisanayambe kutuluka m'minda, pitani ndi galimotozo kwa wowotcherera. A kabaza, magalasi aja munasunga m'nyumba kabwezereni pa njinga lero. Ndipo inu okwera, muli ndi ufulu wofunsa kuti, "Adalaivala, kumbuyo mukuona ndi chiyani?" Tumizirani uthengawu m'bale wanu aliyense amene amagwira chiwongolero.