Ambuya Anaika Tsache Pansi

Ndidziwa kuti ambiri a inu muli m'magulu a masewero m'mipingo yanu, kaya ku Kanyama, ku Chawama, ku Mtendere kapena kwathu kuno ku Matero. Mudziwa tsono mmene mtima umakomera pamene mpingo wonse wafa ndi phwete cifukwa ca mau amene iwe unalemba. Ine ndakhala mlembi wa masewero a gulu lathu zaka zingapo, ndipo lero ndifuna kukusimbirani za sewero limodzi limene linandicititsa manyazi.

Munali mu 2019. Mnzathu wina wa ku George anapeza filimu ya zigawo 6, dzina lake Waco, imene inatuluka pa TV ku America mu 2018. Tinaionera kwao madzulo atatu, ena pa mpando, ena pansi, ana a m'nyumba zoyandikana ali pa windo. Nkhani yake inacitikadi. Pafupi ndi mzinda wa Waco, ku Texas, kunali kagulu ka cipembedzo ka Branch Davidians, mtsogoleri wake David Koresh. Pa 28 Febuluwale 1993 apolisi a boma anapita kukafufuza mfuti pa malo ao. Kunabuka kuomberana, ndipo apolisi 4 ndi anthu 6 a kaguluko anafa. A FBI anazinga malowo masiku 51, mpaka pa 19 Epulo pamene nyumba yonse inapsa. Anthu 76 anafera momwemo, ndipo oposa 20 anali ana.

Filimu itatha, mnyamata wina anati, "Kodi ife tilibe Waco yathu? Nanga Lenshina uja?" Tonse tinaomba m'manja. Msonkhano wa acinyamata wa mu Okutobala unali pafupi, ndipo tinali tisanapeze sewero.

Ndinalilemba usiku umodzi wokha, ndipo apa ndi pamene muyenera kundiseka. Zonse zimene ndinali kudziwa za Alice Lenshina ndinazitola pa bwalo la sukulu ndili mwana: akuti anali mfiti, akuti anali kumwetsa anthu ake mikodzo, akuti anawauza kuti zipolopolo zidzasanduka madzi. Zonsezi ndinaziponya m'sewero. Mtsikana wa mau akulu kuposa onse tinamupatsa kukhala Lenshina, nsalu yoyera kumutu, maso ali tong'o. Otsatira ake nchito yao inali kugubuduka pansi ndi kukuwa. Anyamata onse analimbirana kukhala asilikali, cifukwa tinasema mfuti za mitengo zokongola ndithu. Pothera mlaliki anali kutulukira ndi kucenjeza za aneneri onyenga. Cenjezolo silinali loipa ai. Inunso muwaona aneneri a m'makomboni mwathu amene amagulitsa timabotolo ta mafuta kwa amai amene alibe ndi ya pamela yomwe.

Loweruka lina tinali kuyeserera m'chalichi. Kumbuyo kunali ambuya ena a m'cigwirizano ca amai, akusesa kukonzekera mapemphero a m'mawa mwake. Tinali kuwadziwa monga ambuya ofatsa amene Cinyanja cao cimamveka kaCibemba, basi. Titafika pamene asilikali aombera ndipo a Lumpa agwa mogometsa, miyendo m'mwamba, ife tikuseka, ndinaona ambuya aja aika tsache pansi. Anabwera pang'onopang'ono mpaka kutsogolo.

"Ana anga, walemba zimenezi ndani?"

Ndinaimika dzanja msanga, poganiza kuti kukubwera ciyamikiro.

"Mwana wanga, kodi unaliko?"

"Iyai, ambuya."

"Ine ndinaliko."

Anakhala pa benchi, ife tinakhala pansi. Anati mu 1964 anali ndi zaka 9, ndipo anali kukhala ndi makolo ao m'mudzi wina wa a Lumpa wochingidwa ndi mpanda wa mitengo, kufupi ndi Chinsali. Anasamukira kumeneko nyumba yao itatenthedwa, cifukwa atate ao anakana kugula khadi la cipani. Tsiku limene asilikali anabwera, iwo anathawira m'thengo atabereka mlongo wao wamng'ono. Atate ao sanawaonenso. Anayenda milungu yambiri akudya mizu ndi zipatso, ndipo mwana uja anafera pa njira, osati ndi cipolopolo koma ndi njala. Anakulira ku Congo, pa Mokambo, pamodzi ndi othawa anzao. Atabwerera ku Zambia anakwatiwa ku Lusaka, nalowa mpingo wathu, ndipo zaka zonsezi sanauzeko munthu za kumene anacokera.

"Amai anga sanagubuduke pansi ngati galu," anatero. "Anali kuimba. Ndipo mikodzo imene mukunenayo ine sindinamwepo."

Palibe anayankha. Ndipo anaonjeza okha, popanda wowafunsa: "Sindikuti tinali angelo. Amuna a kwathu anapha anthu."

Apo msungacuma wa gulu lathu, mtsikana amene makolo ake ndi a ku Lundazi, analankhula ndi mau onjenjemera. Anati ambuya ake aamuna anabayidwa ndi mkondo ndi anthu a Lumpa caka comweco, ndipo kwao dzina la Lenshina salichula nkomwe. Anthu awiriwa anali atadyera pamodzi Mgonero wa Ambuye kangapo konse, osadziwana. Ine ndinali nditagwira mapepala anga, ndikulakalaka pansi patang'ambika.

Sabata yotsatira ndinacita cimene ndinayenera kucita poyamba: ndinawerenga ndi kufunsa akulu. Alice Mulenga Lenshina anali mai wa m'mudzi wa Kasomo, m'boma la Chinsali, kumene lero ndi likulu la cigawo ca Muchinga. Mu 1953 anadwala kwambiri, ndipo atacira ananena kuti anafa nakumana ndi Yesu. Anabatizidwa pa mishoni ya Lubwa, pomwe Kenneth Kaunda anabadwira, koma posakhalitsa anapatukana ndi amishoni nayamba mpingo wa Lumpa. Anali kuletsa ufiti, mitala ndi mowa. Anthu zikwizikwi anayenda pansi kudzataya nyanga ndi zithumwa zao pa Kasomo, ndipo nyimbo zake za m'Cibemba zinawagwira mtima kuposa zomasuliridwa za amishoni. Mu 1958 anatsegula chalichi cacikulu ca njerwa cimene anamanga ndi manja ao. Ngakhale Robert, mkulu wake wa Kaunda, analowako mpingo umenewu. Mukuona tsono kuti nkhaniyi inali ya pa cibale, anthu a mudzi umodzi.

Mkangano unakula pamene cipani ca UNIP cinali kumenyera ufulu. Cipani cinafuna munthu aliyense akhale ndi khadi, a Lumpa nakana za ndale. Mbali zonse ziwiri zinatentherana nyumba ndi kuphana, ndipo a Lumpa anayamba kumanga midzi yaoyao ya mipanda popanda cilolezo ca mafumu. Boma, limene Kaunda anali nduna yake yaikulu, linalamula kuti midziyo ipasulidwe. Kumapeto kwa Julayi 1964 apolisi anaphedwa pa mudzi wina wa a Lumpa, ndipo asilikali anatumizidwa. A Lumpa anali ndi mikondo, nkhwangwa, mauta ndi mfuti za gogodera. Asilikali anali ndi mfuti zolavula zipolopolo ngati mvula. Kumayambiriro kwa Ogasiti a Lumpa anathira nkhondo boma la Lundazi ndi midzi yozungulira, napha anthu osalakwa, ndipo anthu a m'midzi nao anabwezera mwankhanza. Mpingo unaletsedwa pa 3 Ogasiti, ndipo Lenshina anadzipereka pa 11 Ogasiti. Boma linawerenga akufa oposa 700, ena amati anapitirira 1,000, ndipo zikwi zambiri anathawira ku Congo. Zonsezi zinacitika patangotsala miyezi iwiri kapena itatu kuti mbendera yathu ikwezedwe pa 24 Okutobala. Lenshina sanaimbidwe mlandu wa nkhondoyi m'khoti. Anasungidwa ku Mumbwa ndi ku Kalabo, ndipo kuyambira 1975 anali m'ndende ya pa nyumba ku Chilenje, kumene anamwalira pa 7 Disembala 1978. Ku Chilenje kwenikweniku, kumene timafikako ndi minibasi!

Powerenga ndinapezanso cina cimene cinandilasa. Filimu imene tinaonera ija sinali yoyamba. Ya ciyambi, Ambush in Waco, anayamba kuijambula a FBI akali kuzinga nyumba ija, ndipo inaonetsedwa pa NBC mu Meyi 1993, patangopita mwezi umodzi cicitikire maliro. Mlembi wake, Phil Penningroth, pambuyo pake anaikana filimu yake yomwe, cifukwa anaona kuti anailemba mothamanga, atamva mbali ya boma yokha. Ya 2018 inatengedwa m'mabuku awiri, la David Thibodeau amene anapulumuka m'moto muja, ndi la Gary Noesner wa FBI amene anali kukambirana ndi Koresh. Koma nayonso anthu ena anaidzudzula kuti inamukometsa Koresh, munthu amene anali kutenga akazi a eni ake ndi atsikana aang'ono kukhala akazi ake. Wina anapendekera uku, wina uko. Ndipo iwo anali ndi ndalama ndi akatswiri. Ine ndinali ndi bolopeni ndi mphekesera za pa sukulu.

Musandimve molakwa, anzanga. Mpaka lero sindivomereza ciphunzitso ca Lenshina, ndipo ndikhulupirira kuti atsogoleri amene anasunga ana m'kati mwa mipanda ija, akudziwa kuti asilikali ali m'njira, ali ndi mlandu pamaso pa Mulungu. Sindinenanso kuti masewero ndi oipa. Mneneri Natani anamugwira Davide ndi kankhani ka mwana wa nkhosa. Koma kankhani ka Natani kanaloza amene anali kumvetsera, pamene langa linali kuloza akufa amene sangayankhe, kuti amoyo aseke. Wolemba sewero ndiye amasankha amene apatsidwe dzina, mai ndi misozi, ndi amene angogwa ngati thumba la malasha. Ine ndinapatsa asilikali maina, a Lumpa ndinangowalemba kuti "gulu". Anthu a ku Lundazi sindinawalembe n'komwe. Lamulo loletsa umboni wonama, la pa Eksodo 20:16, ndinali kuliyesa la m'khoti mokha.

Tinakangana kwambiri m'gulu. Ena anati tilisiye sewerolo, ena anati ambuya angokalamba, tipitirize. Potsiriza tinapita kwa abusa, ndipo iwo anati tikapemphe mau kwa ambuya aja ndi kwa makolo a msungacuma wathu. Atate ake a mtsikanayo anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anati, "Citani, koma musaiwale atate anga." Ambuya anati, "Citani, koma dzina langa lisamveke."

Ndinalembanso, ndipo ulendo uno zinanditengera milungu itatu. Mfuti za mitengo zija tinaziika m'stolo, anyamata akudandaula. Pa bwalo panali mabanja awiri okha, lina kumanja, lina kumanzere, lililonse likuphika nsima ya madzulo. Lenshina sanaoneke, Kaunda sanaoneke. Kuombera kunamveka kunja, ndi ng'oma. Mbali ina mtsikana anabereka mlongo wake nayamba ulendo; mbali ina mai anayala mphasa ya mwamuna amene sanabwerere. Mlaliki uja tinamusiya, koma mau ake tinawafupikitsa.

Pa msonkhano anthu anaomba m'manja pang'ono cabe. Gulu la ku Kalingalinga, limene linacita sewero la mwana wolowerera ataledzera kacasu, ndilo linatenga mphatso, ndipo kunena zoona linatiposa. Mkulu wa mpingo wina ananditengera pambali nandifunsa ngati tayamba kuyamikira ampatuko. Mai wina wa ku Chipata anandigwira dzanja nthawi yaitali osanena kanthu.

Ambuya sanabwere. Loweruka lotsatira ndinawapeza akusesa pakati pa mabenchi, ndipo ndinagwada kuwapatsa moni.

"Mwacita sewero lanu lija?"

"Inde, ambuya."

"Anthu anaseka?"

"Iyai, sanaseke."

Anagwedeza mutu, nandiuza kuti ndinyamule benchi kuti asese pansi pake.