Nyumba zoyenda pa msewu wa Tete: makina aloza, mwini mudzi atsimikiza

Pa mphambano ya Mussacama, pamene msewu wochokera ku Tete umagawikana, wina kulunjika ku Zobwe wina kukwera ku Angonia, pamaima galimoto za mitundu yonse: machapa, malole a katundu ndi njinga zamoto zosenza matumba a mbatatesi. Koma m'miyezi yozizira, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, nthawi zina pamaima galimoto yachilendo imene ana amaithamangira. Ndi yaitali msinkhu ngati nkhokwe, mazenera ake ali ndi makatani, ndipo m'kati mwake muli kama, mbaula ya gasi, thanki ya madzi ndi kachimbudzi. Eni ake, amene kawirikawiri amakhala bambo ndi mayi achikulire ochokera ku South Africa kapena ku Ulaya, amaphika momwemo ndi kugona momwemo. Imeneyi ndiyo nyumba yoyenda.

Alendowa akaima satsika msanga kukafunsa njira. Amayamba aweramira kachipangizo kowala komatidwa pa galasi la kutsogolo, kamene kamaonetsa mapu ndi kadontho koimira galimoto yawo. Kachipangizoka kamatchedwa GPS, ndipo kamalankhula ndi mawu a munthu, kuuza woyendetsa pamene akhotere. Pa ulendo wa makilomita zikwi zambiri alendowa amakakhulupirira koposa mbale wawo. Tsono funso n'lakuti, kodi kamaudziwa msewu wa kuno mpaka pati?

Ambiri mwa iwo amalowa m'dziko lino pa chipata cha Cuchamano kuchokera ku Nyamapanda, m'Zimbabwe. Amadutsa Changara, dera la milambe, mbuzi ndi miyala, n'kutsikira mu mzinda wa Tete, kumene m'mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Akuluakulu akukumbukira kuti pa nthawi ya nkhondo munthu sankayenda yekha pa msewu umenewu. Galimoto zinkasonkhana n'kuyenda mu kolona, moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, ndipo wotsalira m'mbuyo ankadziwa kuti waika moyo wake pachiswe. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, koma mabomba okwirira anapitiriza kuopseza anthu m'njira zam'mbali, kufikira mu 2015 pamene boma linalengeza kuti malo onse odziwika ayeretsedwa. Lero banja lokalamba likhoza kudutsa lokhalokha, likutsogozedwa ndi kabokosi kosaposa chikhatho.

Mphamvu ya kabokosika imachokera kumwamba. Asilikali a dziko la America ndiwo anayambitsa GPS. Setilaiti yoyamba anaiponya m'mlengalenga mu 1978, ndipo pofika 1995 masetilaiti 24 ofunika anali atakwana ndi kugwira ntchito. Ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi, ndipo iliyonse imazungulira dziko kawiri pa tsiku. Iliyonse ili ndi wotchi yosaphonya, ndipo imaulutsa nthawi ndi malo ake monga ichitira wailesi. Kachipangizo ka m'galimoto kamamvera masetilaiti osachepera anayi, kamawerenga nthawi imene uthenga wa iliyonse watenga kuti ufike, ndipo potero kamapeza pamene kali. Kale asilikaliwo ankasokoneza dala uthengawo kotero kuti anthu wamba ankaphonya ndi mamita ofika 100, koma mu Meyi 2000 analeka, ndipo tsopano kuphonyako n'kwa mamita ochepa chabe. Russia, China ndi maiko a ku Ulaya nawo ali ndi masetilaiti awo a ntchito yomweyi. Kumvera masetilaitiwa n'kwaulere, sikulira mayunitsi kapena netiweki ya foni.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene alendo ambiri amachiiwala. Setilaiti sidziwa msewu. Ntchito yake ndi kupereka manambala osonyeza pamene munthu waima, basi. Misewu, milatho ndi maina a midzi zili pa mapu osungidwa m'kachipangizoko, ndipo mapuwo anawalemba ndi anthu, ena mwa iwo osapondapo phazi m'chigawo cha Tete. Choncho posankha chomutsogolera, mlendo sasankha setilaiti. Amasankha anthu amene adzakhulupirire mapu awo.

Ena amangodalira foni ya m'manja yokhala ndi Google Maps, imene inayamba mu 2005. M'mizinda imathandiza kwambiri, koma imafuna netiweki, pokhapokha munthu atasungiratu mapu a dera lonse m'fonimo asananyamuke. Ndiponso sifunsa kukula kwa galimoto. Kwa iyo nyumba yoyenda ya mamita atatu msinkhu ndi matani atatu ndi theka n'chimodzimodzi ndi kagalimoto ka mphunzitsi. Ena amagula zipangizo zopangidwira galimoto zoterezi, za makampani monga Garmin ndi TomTom, momwe woyendetsa amalembamo msinkhu, m'lifupi ndi kulemera kwa galimoto yake kuti zimulambalalitse milatho yofooka ndi njira zopapatiza. Ku Ulaya, kumene milatho yambiri inayezedwa ndi kulembedwa, zimenezi zimagwira bwino. Koma kamlatho ka mitengo ka kumudzi palibe anakayeza, ndipo makina sangachenjeze za chinthu chimene sanauzidwe.

Ozolowera misewu ya mu Africa amakonda mapu opangidwa ndi apaulendo anzawo. Tracks4Africa ya ku South Africa imasonkhanitsa mikwasa ya GPS ya anthu amene anadutsadi njirazo, ndipo imanena maola a ulendo, osati makilomita okha. OpenStreetMap, imene inayambira ku Britain mu 2004, imalembedwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo imawerengeka pa foni popanda netiweki kudzera mu OsmAnd kapena Organic Maps. Mlendo wanzeru amatenga mapu a mitundu iwiri ndi ena a papepala, amawakonzanso kuti akhale atsopano asanachoke kwawo, ndipo amauza makinawo kuti asamusankhire njira yachidule koma ya phula. Mapu awiriwo akatsutsana, ndiye kuti nthawi yotsika m'galimoto yakwana.

Mzinda wa Tete wokha ukupereka phunziro. Kwa zaka zambiri wowoloka Zambezi pamenepa anali ndi mlatho umodzi, wa zingwe uja womalizidwa mu 1973, umene umatchedwa Samora Machel. Mu 2014 anatsegula wachiwiri, wa Kassuende, kumunsi kwa mzinda, ndipo malole olemera amadzera kumeneko. Kachipangizo kokhala ndi mapu akale sikaudziwa mlatho wachiwiriwu. Kakaona galimoto ikuwoloka pamenepo, kamaonetsa kadontho kakuyandama pa madzi. Choopsa koposa n'chotembenuza chake. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revubwe mpaka mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize unaduka. Pa mapu osungidwa m'makina mzere wa msewu unali wosaduka, ngati kuti palibe chachitika. Amene ankadziwa zoona anali apolisi a pamsewu, oyendetsa machapa ndi anthu okhala m'mbali mwa mtsinjewo.

Kuchoka pa Mussacama kulowera kumpoto, msewu umakwera ndipo dziko limasintha. Milambe imatsala m'mbuyo, mphepo imazizira, ndipo maso amakumana ndi minda ya chimanga, madimba a mbatatesi ndi kabichi, ngolo za ng'ombe, ndi tirigu wa ku mapiri a Tsangano. Patali pamaoneka phiri la Domwe, lopitirira mamita 2,000. Kuno n'kumene makina amayamba kusokonezeka ndi maina. Boma la Angonia pa nthawi ya Apwitikizi linkatchedwa Vila Coutinho, ndipo mapu ena akale adakasungabe dzinali. Mapu a Chipwitikizi amalemba Ulónguè, pamene anthu amalemba Ulongwe. Tsono ku Malawi kulinso Ulongwe wina, m'boma la Balaka, pa msewu wa Liwonde kupita ku Mangochi. Tsangano naye alipo mbali zonse ziwiri za malire. Mlendo amene walemba dzina mofulumira n'kuvomera loyamba kuonekera, makina adzamutsogolera mokhulupirika kumalo kumene sanafune kupita.

Vuto lina ndi la njira zachidule. Misewu yambiri ya kumidzi inalowa pa mapu pojambulidwa kuchokera pa zithunzi za kumwamba. Pa chithunzi chotere njira ya ngolo imaoneka ngati msewu, ndipo dambo lojambulidwa m'chilimwe limaoneka louma ndi losalala. Chithunzi sichionetsa chigwembe chimene mvula inakumba chaka chatha, kapena nthambi ya mango yotsika imene ingaswe denga la galimoto, kapena dothi lakuda limene kuyambira Disembala mpaka Malichi limameza tayala mpaka ekiselo. Njinga yamoto ikafika pothina imatembenuka pomwepo. Nyumba yoyenda singatembenuke m'kanjira ka pakati pa minda popanda kuponda mizere ya mwini wake, ndipo ikatitimira pamafunika ng'ombe, makasu ndi amuna a mudzi wonse.

Choposa zonsezi ndi malire. Malire a kuno anachokera pa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891, ndipo amatsata msana wa mtunda umene umagawa madzi: mvula yogwa mbali ina imapita ku nyanja ya Malawi ndi ku Shire, yogwa mbali inayo imatsikira ku Zambezi. Palibe mpanda. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu waukulu wa Malawi umayenda m'malire mwenimweni, kotero kuti pa Lizulu munthu amagula tomato m'dziko lina n'kukwera basi m'dziko lina. Kwa eni dera zimenezi n'zachizolowezi. Maliro, maukwati, chigayo ndi msika zimawoloka tsiku ndi tsiku, ndipo pa nthawi ya nkhondo anthu a Angonia ndi Tsangano anathawira ku Dedza ndi Ntcheu usiku, m'tinjira timeneti, popanda mapu alionse.

Kwa mlendo nkhani ndi ina. Iye ayenera kutulukira pa chipata chovomerezeka, monga Kalomwe moyang'anana ndi Dedza, Zobwe moyang'anana ndi Mwanza, kapena Cassacatiza polowera ku Zambia, kuti pasipoti yake idindidwe ndi makalata a galimoto aonedwe. Makina amene auzidwa kufuna njira yaifupi amangoona kanjira kolumikiza misewu iwiri, osasamala kuti pakati pake pali malire a maiko. Mlendo wotsata mawu a kabokosi akhoza kupezeka pa phula la Malawi alibe chidindo chotulukira kuno ngakhale cholowera uko, ndipo pamaso pa lamulo walowa m'dziko mozemba. Kunena kuti makina ndiwo anamuuza sikungamuchotsere mlandu.

N'chifukwa chake apaulendo okhwima, atatha kuweramira magalasi awo, amatsikabe n'kupita kwa amayi ogulitsa mbatatesi kapena kwa mnyamata wa njinga yamoto. Chinyanja sachidziwa, Chipwitikizi amangodziwa mawu awiri atatu, koma amaloza ndi dzanja n'kutchula dzina la malo. Akale anati safunsa anadya phula, ndipo mwambiwu sunathe ntchito chifukwa cha masetilaiti.

Pamenepa mawu a mwini mudzi amalemera. Anthu a kuno ndi aulemu, ndipo safuna kukhumudwitsa mlendo. Munthu akafunsidwa mtunda amayankha kuti ndi pafupi pompa, kuseri kwa phiri ilo, chonsecho ndi ulendo wa maola awiri. Akafunsidwa ngati njira ili bwino amavomera, poganiza za njinga yake, osati za galimoto yolemera ngati ng'ombe khumi. Ulemu wotere ukhoza kugonetsa okalamba awiri m'dambo. Thandizo lenileni ndi kuyang'ana galimotoyo, msinkhu wake ndi matayala ake, n'kunena zoona: ngati lole ya feteleza kapena ya fodya yadutsa njirayo sabata ino, nyumba yoyenda idzadutsanso, ngati ndi ya ngolo ndi njinga zokha, mlendo abwerere ku phula ngakhale kukhale kozungulira. Wosadziwa njira achita bwino kuitana woyendetsa chapa kusiyana ndi kuloza mongoyerekeza. Ndipo wopita ku Malawi alozeredwe ku chipata, osati ku kanjira kopita kwa amalume kutsidya.

Dzuwa likapendeka, alendo ena amapempha malo oimika galimoto usiku pafupi ndi sukulu, tchalitchi kapena kwa a mfumu, pakuti kuyenda mu mdima pakati pa njinga zopanda nyali ndi ziweto n'koopsa. M'mawa amagula mazira, nthochi ndi mbatatesi, n'kupitiriza ulendo wa ku nyanja. Ambiri amalemba pa mapu a apaulendo anzawo, monga iOverlander, malo amene anagona ndi mmene anawalandirira, ndipo obwera chaka chamawa amawerenga zimenezo ali kwawo. Motero mudzi umene unalozera mlendo njira yoona umalowa pa mapu, ndipo galimoto yotsatira ikafika pa mphambano ya Mussacama imakhala ikudziwa kale pamene idzaime.