Mvula ya ku Ntcheu pansi pa boti

Ife amene tidachoka kunyanja n'kudzakhazikika ku Ntcheu chifukwa cha ntchito ndi malonda, tikulera ana odziwa mbatata ya ku Tsangano ndi kabichi wa pa Lizulu, koma osadziwa kagwiridwe ka nkhafi. Chambo amachiona chowamba pamsika. N'chifukwa chake mabanja angapo a pamzikiti pathu tidapangana kuti pa masiku a Eid tikakwere boti pa Shire, m'nkhalango ya Liwonde. Akuluakulu ena adati kumeneko n'kumwaza ndalama, pakuti makolo athu ankapalasa bwato kuti apeze ndiwo, osati kukaonerera mvuu. Mawu otere sanyozedwa, amafuna yankho.

Kuchokera pa boma la Ntcheu, msewu umatsika kudzera pa Chingeni ndi Balaka kufikira pa mlatho wa Liwonde. Boti likangolunjika kumtunda, phokoso la tauni limatsala m'mbuyo. Mvuu zimatumphuka pali ponse, ng'ona zili gone pamchenga, njovu zikuthyola bango m'mphepete, nkhwazi ili pamwamba pa mgwalangwa. Nkhalangoyi idakhazikitsidwa mu 1973; bungwe la African Parks lidayamba kuiyang'anira mu 2015, ndipo mikango idabwezedwamo mu 2018. Ana athu, amene zilombozi ankangoziona m'mabuku a sukulu, adakhala chete, ndipo wina adangoti Subhanallah popanda womuuza.

Anthu a maiko ena amaudziwa mtengo wa ulendo wotere. Ku Netherlands alendo amakwera maboti a tchuthi pa mitsinje, n'kumaima pa Kinderdijk kuona mphero 19 zoyendera mphepo, zomangidwa cha m'ma 1740. Ntchito ya mpherozo inali kupopa madzi m'minda, pakuti gawo lalikulu la dzikolo lili m'munsi mwa nyanja. Chigumula cha 1953 chidapha kumeneko anthu oposa 1,800, ndipo adamanga zipupa zikuluzikulu zotchinga madzi. Chimene amaonetsa mlendo, tsono, si kukongola kokha ayi, koma khama la mibadwo posunga dziko lawo.

Nafenso tili nacho choonetsa. Pa Liwonde pomwepo pali Kamuzu Barrage ya mu 1965, imene zitseko zake zimachepetsa kapena kuchulukitsa madzi otsika mu Shire. Madziwo amachokera m'nyanja ya Malawi, kutulukira pa Mangochi, kudutsa Malombe, ndipo kumunsi amakapukusa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Nanga Ntcheu ali pati pa zonsezi? Ali kumutu kwa madzi. Mitsinje ya Livulezi ndi Bwanje imatsikira kunyanja, pomwe Rivirivi imakathira mu Shire kumunsi kwa Liwonde. Motero ina mwa mvula yogwa kuno ku Ntcheu ili m'gulu la madzi amene adanyamula boti lathu. Phiri likametedwa chifukwa cha makala, dothi lake siliima panjira: limakakwirira malo oswera nsomba kwanu kunyanja, kapena kukadzaza damu la Nkula, magetsi n'kumazima. Thumba la makala logulidwa m'mbali mwa msewu wa M1 lili ndi mtengo wachiwiri, ndipo woulipira ndi msodzi amene sadalione n'komwe.

Chisilamu chimatiphunzitsa kuti dziko ndi amanah, katundu amene Allah adatisungitsa ndipo adzatifunsa. Timauzidwa kuti tisaononge madzi ngakhale pochita wudhu. Koma mwana wakumtunda angasamale bwanji mtsinje umene sadauone? Apa ndi pamene pali yankho lathu kwa akuluakulu aja. Ndalama ya boti idagula chimene chibalo sichikadaphunzitsa: ana adaona ndi maso kumene madzi a kwawo amathera, ndi zamoyo zimene zimadalira madziwo.

Tidagwirizana kuti mvula ikayamba tidzabzala mibawa m'mbali mwa kamtsinje koyandikana ndi madrasa athu, mwana aliyense mtengo wake. Inu abale akunyanja, tikupempheni chimodzi: Eid ikubwerayi, In sha Allah, kwezani ana anu Ilala kapena boti la pa Shire ngati alendo, kenaka mudzabwere nawo kuno kumapiri, adzaone kumene madzi a chambo chawo amayambira.