Dzanja Likamayankhula, Kompyuta Imamva Chiyani?

Ife ophunzira za ziyankhulo tinazolowera kuganiza kuti chiyankhulo chimadzera m'khutu basi. Komatu anthu osamva amayankhula ndi manja, nkhope ndi thupi, ndipo William Stokoe anaonetsa mu 1960 kuti chiyankhulo cha manja cha ku America chili ndi malamulo ake ngati china chilichonse. Funso limene limandizunguza mutu ndi ili: mawu timawajambula n'kuwayeza, nanga dzanja loyenda tingaliyeze bwanji?

Njira imodzi ndi makina ojambula kayendedwe ka thupi, monga a kampani ya Vicon ya ku Oxford. Munthu amamumata timipira tonyezimira m'zala, m'zigongono ndi m'mapewa. Makamera ozungulira chipinda amatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo timipirato timabweza kuwalako. Kampira kakaonedwa ndi makamera awiri kapena kuposerapo, kompyuta imapeza pamene kali n'kupereka manambala atatu m'mamilimita: kutsogolo, kumbali ndi m'mwamba.

Chondichititsa chidwi n'chakuti wofufuza sachita kudikira kuti woyankhulayo amalize. Pulogalamu ya masamu ya MATLAB, imene anaiyambitsa Cleve Moler chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, imatha kulumikizidwa ndi makinawa kudzera pa chida cha Vicon chotchedwa DataStream SDK. Pulogalamuyo imapempha chithunzi chimodzi, n'kutengamo manambala, n'kuwawerengera, kenako n'kupempha china. Motero liwiro la dzanja limaoneka pa kompyuta dzanjalo likadali m'mwamba.

Komabe pali zovuta ziwiri. Choyamba ndi nthawi. Makamera akamajambula zithunzi 100 pa sekondi, pulogalamu imakhala ndi mamilisekondi 10 okha pa chithunzi chilichonse. Ikachedwa, imatsalira kapena imadumpha zithunzi zina. M'chiyankhulo cha manja kufulumira, kuima ndi kubwereza zimasintha tanthauzo, choncho zithunzi zodumphidwazo zikhoza kukhala pamene panagona nkhani. Chachiwiri ndi kubisika. Dzanja likaphimba linzake, kampira kamasowa. Makina amachenjeza kuti sakukaona ndipo m'malo mwake amapereka ziro. Wolemba pulogalamu akapanda kusamala chenjezolo, kompyuta imakhulupirira kuti chala chagwera pansi pakati pa chipinda, pamene mwini wake akungopitiriza nkhani yake.

Apa ndi pamene ndimaona kuti phunziro lathu lili ndi gawo. Mu 1973 Gunnar Johansson wa ku Uppsala anamangirira timagetsi tochepa m'malo olumikizana mafupa a munthu n'kumujambula mumdima. Oonera anazindikira msanga kuti uyu ndi munthu akuyenda. Timagetsito sitinanene kanthu. Amene anapeza tanthauzo anali oonerawo. N'chimodzimodzi ndi manambala a mu MATLAB. Akhoza kutiuza kuti dzanja lakwera mamilimita 200, koma sangatiuze ngati munthuyo akufunsa, akukana kapena akungokanda pamphumi.

Maganizo anga ndi akuti wodziwa kulemba pulogalamu azikhala limodzi ndi mwini chiyankhulo, makamaka munthu wosamva amene anakula nacho. Mutu umodzi susenza denga. Wina adzaonetsetsa kuti chithunzi chafika m'nthawi yake, winayo adzanena ngati zimene zafikazo zikadali mawu. Popanda wachiwiriyu, tidzayeza dzanja molondola kwambiri koma osamva chimene munthuyo wanena.