Jekete ya ku Tsoka

Ndinatsika minibasi pa depoti ya Lilongwe Loweruka m'mawa, n'kulowera kumtsinje wapansi. Msika usanaoneke, fungo linali litandilonjera kale: mafuta a pachiwaya, usipa wouma, ndi madzi oima a m'ngalande amene ndinapondamo ndi nsapato yakumanzere.

Njira yachidule yopita ku msika wa Tsoka ndi ulalo wa mitengo ndi matabwa umene anyamata anakhoma okha pamwamba pa mtsinje wa Lilongwe. Unkagwedera ngati dzino la nkhalamba. Kutsidya mnyamata anangotambasula dzanja osayankhula, ndinaponyamo K200.

Ndinafika belo ikudulidwa kumene. Waya atangoti thu, zovala zinafufuma ngati mtanda wa mandasi, kafungo kaja ka mankhwala a kaunjika kanakwera, ndipo amayi amene anazungulira anagwada onse pamodzi, uyu kukoka mkono wa bulauzi, uyo kukoka kolala yake, wina atapanira madiresi anayi m'khwapa asanaone n'komwe ngati amukwana. Ine chigongono cha munthu chinandipeza m'nthiti. Malaya a K6,000, jinzi ya K15,000. Wogulitsa anati tisadabwe, belo inakwera chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu 2023, n'chifukwa chake mu February 2025 mavenda anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo.

Pamzere wachitatu ndinaona jekete yobiriwira. Inali ndi kapepala ka mtengo wa m'sitolo ya ku Ulaya, kakulendewerabe. Yosavalidwapo! Ndinaima nayo m'manja kwa kanthawi, ndikuganiza za mwini wake: anaisirira pagalasi, anatulutsa ndalama, anafika nayo kunyumba mtima uli m'malo, kenaka chinachake chinazilala, jekete n'kuwoloka nyanja ili mu belo.

"Bwana, imeneyo imadikira inuyo," anatero mnyamata wogulitsa. Anayamba ndi K30,000, tinanenerera mpaka K22,000. Kunyumba ndinali ndi majekete atatu, ndipo unali mwezi wa Okutobala, koma ndinagula.

Ndinayenda nayo monyadira mwina mamita 50. Pafupi ndi ulalo panapachikidwa ina yachikopa, yakuda, yokongola kuposa yangayi. Ndinafunsa mtengo. Thukuta likutsika m'khosi, jumbo ikundimata padzanja, ndinawerenga zotsala m'thumba: K200 ya ulalo ndi ndalama ya minibasi basi.