Zomwe ndinaphunzira pa mpando wa intaviyu

Nditamaliza maphunziro ndinkaganiza kuti chovuta ndi kuitanidwa basi, kuti akangondiona maso ndi maso ntchito ndaipeza. Ndinayenda ndi envelopu yanga yakhaki m'maofesi a mu Lilongwe ndi Blantyre kwa nthawi yaitali, n'kumabwerera chimanjamanja, ndisanazindikire kuti ndinkalowa m'chipindamo ngati wodzapempha chithandizo, pamene anthu aja ankafuna munthu woti akambirane naye za ntchito. Ena a inu mudzionamo m'zimene ndalembazi.

1. Kwathu tinakula tikuuzidwa kuti mwana wamwambo sayang'ana wamkulu m'maso ndipo sakweza mawu. Mwambo umenewu ndinalowa nawo m'chipinda cha intaviyu wathunthu. Akuluakulu ali ndondondo kuseri kwa tebulo, ine maso pansapato, manja ndapanikiza pakati pa mawondo. Mayi amene ankatsogolera anachita kundiuza kuti, "Takwezaniko mawu achimwene, kuno sitikumva." Tsono ntchitoyo inali yolandira makasitomala tsiku lonse. Iwo sankaona ulemu umene ine ndinkaganiza kuti ndikuonetsa, ankaona munthu amene sangathe kuyankha kasitomala wokwiya. Mwambo wathu sindiunyoza ayi, ndipo ana anga ndimawaphunzitsa. Koma ulemu wa m'chipinda chimenechi ndi kupereka moni bwino, kudikira akuuzeni kuti mukhale, kenaka kuyang'ana amene wakufunsaniyo ndi kumuyankha momveka.

2. "Tatiuzeni za inu." Funso limeneli nthawi zambiri ndilo loyamba, ndipo ine ndinkaliyankha monga tinkalembera chimangirizo kupulayimale: mudzi wanga, mfumu yaikulu, boma, ndine wachingati kubadwa m'banja mwathu, mpingo umene ndimapemphera. Pofika pa zimene ndimadziwa kuchita, wina anali atayamba kale kusanthula mapepala a munthu wotsatira. Musandiuze kuti inu simunachiteko zimenezi. Yambani ndi zimene munaphunzira ndi zimene munagwirapo zogwirizana ndi ntchitoyo, za kumudzi adzafunsa okha akazifuna.

3. Funso ili ndi limene limandiwawa mpaka lero. Pamalo ena pomwe ndinkaphunzira ntchito, ndinasanja kaundula wa katundu wa m'sitolo amene anali atasokonekera kwa zaka, ndekha, madzulo anzanga ataweruka. Atandifunsa za chinthu chimene ndinachitapo chonyaditsa, ndinati, "Tinayesetsa kukonza zina ndi zina." Bambo wina anafunsanso, "Koma inuyo panokha munachitapo chiyani?" Ine ndinangomwetulira n'kunena kuti zonse zinatheka chifukwa cha mgwirizano. Ndinkaopa kuoneka wodzitama, poti tonse tikudziwa mmene anthu amamunenera munthu wodzikweza. Sindinkaganiza kuti anthu amenewa analibe njira ina yodziwira zimene ndinachita kupatula pakamwa panga. Amene anali nane m'sitolo muja panalibe. Kunena zoona za ntchito imene unagwira si kudzitama: nenani vuto limene linalipo, chimene inu munachita, ndi chimene chinasintha.

4. Kalata yofunsira ntchito umatha kuitumiza mu Marichi, foni n'kudzalira mu Ogasiti. Ine ndinkalembera chilichonse chotuluka mu The Nation ndi The Daily Times, osasunga ngakhale kapepala ka chilengezocho. Tsiku lina ndinakhala pampando ndisakukumbukira bwinobwino dzina la udindo umene ndinafunsira. Kwina, kumene ntchito yake inali yokhudza chitukuko, anandifunsa za Malawi 2063, masomphenya amene anakhazikitsidwa mu 2021 kulowa m'malo mwa Vision 2020. Dzinalo ndinkalimva pawailesi pafupifupi tsiku lililonse, koma nsanamira zake zitatu, ulimi wamalonda wokolola zochuluka, mafakitale ndi kukula kwa mizinda, sindinathe kuzitchula. Jambulani chilengezo chilichonse chimene mwalembera, ndipo musanapite werengani za malowo ndi nkhani zimene zili m'kamwam'kamwa pa ntchito yawo.

5. Minibasi sinyamuka isanadzaze, ndipo zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana. Komabe ndinachoka ku Area 25 nditawerengera nthawi ya pamsewu yokha, n'kukafika ku City Centre shati itanyowa ndi thukuta, dzina langa ataliitana kale. Kaoneni malowo dzulo lake, ndipo sungani ndalama ya kabaza padera.

6. Mapepala. Ndinanyamula mafotokope okhaokha, iwo akufuna kuona satifiketi yeniyeni ya MSCE. Kenaka zinapezeka kuti dzina la pasatifiketi likusiyana kalembedwe ndi la pachiphaso cha unzika, ndipo ndinayamba kufotokoza mbiri ya dzina la agogo pamalo pofotokoza luso langa. Choipitsitsa, aphunzitsi anga akale amene ndinawalemba ngati ondichitira umboni sindinawauze. Ataimbiridwa foni anafunsa kuti, "Ameneyo ndi uti?" Sindingawaimbe mlandu, anaphunzitsa ana ambirimbiri. Munthu musanamulembe pa CV, muimbireni, mumukumbutse kuti ndinu ndani ndiponso ntchito imene mukufunsira.

7. "Mukuyembekezera malipiro a ndalama zingati?" Ndinayankha mmene ambiri a ife timayankhira tikakhala nthawi yaitali pakhomo: "Zilizonse zimene mungandipatse, bwana." Ulendo umenewo ntchito ndinaipeza, ndipo ndinasangalala mpaka mwezi utatha. Ndalama imene inalowa kubanki inali yochepa poyerekeza ndi imene inali pakalata, chifukwa sindinaganizire msonkho wa PAYE wopita ku MRA, ngakhalenso penshoni. Lamulo la penshoni la 2011 linabweretsa dongosolo loti wogwira ntchito azidulidwa 5 peresenti ya malipiro ake, olemba ntchito n'kuikapo 10 peresenti. Nditachotsa lendi ndi thiransipoti, ndinkafika pa tsiku la 15 la mwezi ndilibe kanthu. Sindinafunsenso kuti nthawi yondiyesa itenga miyezi ingati, chonsecho lamulo la za ntchito la 2000 limati isapitirire miyezi 12. Ndikudziwa kuti ulova umachititsa mantha, munthu umaopa kuti ukatchula nambala akuthamangitsa. Koma sindinaonepo munthu akukanidwa chifukwa chofunsa mwaulemu kuti ndalama yatchulidwayo ndi yodulidwa kale kapena ayi. Fufuzani kwa amene akugwira ntchito yotereyo kuti amalandira motani, werengerani zimene mumafunika pamwezi, ndipo mupite muli ndi nambala m'mutu.

8. Anandifunsa chifukwa chimene ndinkafunira kuchoka kumene ndinali. Mtima unali utadzaza, ndiye ndinakhuthula zonse za abwana anga: kuchedwetsa malipiro, kukalipira anthu pagulu. Zonsezo zinali zoona. Koma ndikuyankhula ndinaona awiri akuyang'anizana, ndipo ndinadziwa kuti akudzifunsa zimene ndidzanene za iwo ndikadzachoka. Komanso dziko lathu ndi laling'ono, mabwanawa anaphunzira limodzi ndipo amakumana pa maukwati ndi pamaliro. Nenani zimene mukufuna kukapeza kumene mukupita, za kumene mukuchoka zisiyeni.

9. Panali foni ina imene inabwera nditatopa kwambiri ndi kukhala. Mwamuna wa mawu aulemu anati dzina langa lili pa mndandanda wa oitanidwa, koma nditumize kaye ndalama pafoni yoti "akonzere fayilo". Ndinabwereka kwa mlongo wanga n'kutumiza. Mawa lake nambala ija inali yosapezeka, ndipo ku ofesi imene anatchula anandiuza pageti kuti sakulemba anthu ntchito. Mlongo wanga sanandikumbutseko za ngongoleyo, koma ndinatenga nthawi kuti ndimuuze zimene zinachitika. Wina akakutchulirani ndalama musanayambe ntchito, dulani foni, mupite nokha ku ofesiko mukafunse.