Ba mudala afuna kukapumulira ku Livingstone?

Ba mudala anu akuti akatenga ya NAPSA, ni ulendo wa ku Livingstone. Musawaseke. Kuja kulibe chongo cha maminibasi monga pa Lumumba Road, Mosi-oa-Tunya ili pa makilomita 10 chabe, ndipo pa Maramba Market Chinyanja chimveka bwino.

Koma muwafunse: azakwanisa dzuwa la October? Kuja kumapya zoona, udzudzu nawo suchita manyazi. Njovu zimafika mpaka m'makomboni, kadimba ka repu kutha usiku umodzi. Chondiopsa ine ni mtunda. Makilomita 470 si pafupi. BP ikakwera usiku, imwe mukali pa Intercity kusakila basi.

Muwanyengerere achiteko lendi chaka chimodzi. Nyumba ya ku Matero asagulitse manje.